Bondo la Thalauza la Alamu Anga

Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa wokonza mawotchi ndi mayi wogulitsa nthochi. Ntchito yanga yambiri ndi zigamba, mazipi ndi kubweza m'chiuno, ndipo ndaigwira mpaka maso ayamba kufuna magalasi. Chovala sichinama. Kolala imandiuza ngati mwini wake ali ndi womuchapira, thumba limandiuza zimene amanyamula. Koma pali thalauza lina limene linandiuza zimene sindinkafuna kumva, ndipo eni ake ndi alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu.

Dzina loti a Chitupa ndinawapatsa ndine. Tsiku limene achemwali anabwera nawo kwathu kudzawaonetsa, bambowo anakhala pampando ali ndwii, nkhope ngati ya pachitupa, osamwetulira, osakwinya, ngakhale kuphethira kunali kochita kuwerengera. Achemwali ndiye anali munthu wa phwete, woseka mpaka kugwira nthiti. Ndinawakokera kukhitchini n'kuwafunsa kuti, "Achemwali, munthu ameneyu mwamutola kuti? Mano ali nawo koma?"

"Ali nawo, amangowasunga," anatero achemwali. "Ndipatse nthawi iwe, ndidzawaseketsa."

Anayesa, ndisaname. Nthawi ina tinagwirizana n'kusoka matumba onse a jekete lawo. M'mawa alamu anayesa kupisa dzanja uku, kwatsekeka, uku, kwatsekeka. Ife tili kuseri kwa chitseko, titagwira pakamwa. Iwo anangoti, "Zikuoneka kuti matumba asamuka," n'kunyamula makiyi m'manja, ulendo wa kuntchito. Tinaseka ndife, mpaka achemwali kukhala pansi.

Alamu ankamasulira mawu m'khoti. Woweruza akalankhula Chingerezi, iwo ankatembenuzira m'chilankhulo chathu. Mboni ikalankhula chathu, ankabwezera m'Chingerezi. Ndinapitako kamodzi kukaona ntchito imene inkawaumitsa nkhopeyi. Ndinapeza mayi wina akupereka umboni, mwana wake atagundidwa ndi galimoto. Mayiyo ankakuwa, kumenya thabwa, kuloza dalaivala ndi chala. Alamu anaima pambali pake, manja kumbuyo, akunena mawu ake onse bwinobwino osasiya ndi limodzi lomwe, koma mozizira ngati akuwerenga mitengo ya zinthu m'sitolo. Ine magazi anawira. Potuluka ndinawapeza pamasitepe.

"Alamu, mtima wanu ndi wa njerwa kodi? Mayi uja amalira, inu mwangonena mawu okha!"

"Mlamu," anatero akupukuta magalasi, "ntchito yanga ndi mawu. Misozi sifuna womasulira. Aliyense amaimva yekha."

Mawu amenewo ndinawasunga, chifukwa patsogolo pake anadzawatembenukira eni ake.

Koma musaganize kuti anali munthu wouma mtima. Amuna anga atamwalira, abale awo anafuna kutenga chilichonse m'nyumba. Alamu anabwera atavala suti, osakangana ndi munthu, anangonyamula makina angawa paphewa n'kuyenda nawo wapansi mpaka kwawo, thukuta lili kamukamu. Atawatula anati, "Mlamu, khasu lanu ili." Pepani wawo anali ameneyo, ndipo ndi amene akundidyetsa mpaka lero.

Chisangalalo chawo chinali mawu basi. Akamamwa tiyi ankakonda kutiphunzitsa ngati tawapempha. Tsiku lina anatiuza za liwu lina la Chingerezi limene linkawavutitsa kuntchito. Ankati liwu limodzi lomwelo amanenera tayala likaphulika, chithupsa chikaphulika, munthu akafa ndi phwete mwadzidzidzi, ndiponso akayamba kulira popanda chenjezo. "Ndiye loya akalitchula ine ndimadikira liwu lotsatira," anatero, "kuti ndidziwe ngati munthuyo anaseka, analira, kapena anatulukira pakhomo ali pa liwiro. Eni chilankhulocho amaona ngati kuseka ndi kulira zimatulukira pabowo limodzi."

"Ndiye lanu bowolo munalimata ndi simenti," anatero achemwali.

Tonse tinafa nacho chikhakhali. Alamu anangosuntha kapu yawo pang'ono patebulo n'kupitiriza kumwa tiyi.

Sitiroko inawagwira atapuma kale pantchito, m'mawa wina akumanga zingwe za nsapato. Anatuluka m'chipatala mbali yakumanja italemera, mwendo wokoka, mawu akutuluka ngati a munthu amene wavumata madzi. Zimenezo tikanazipirira. Choopsa chinabwera pambuyo.

Mnzawo wina wa kukhoti anabwera kudzawazonda, n'kuwauza kuti woweruza amene anagwira naye ntchito nthawi yaitali wamwalira. Alamu anamuyang'ana, milomo n'kuyamba kunjenjemera, kenako chikhakhali! Osati kuseka kwa ulemu ayi, koma kwa kumowa, mutu kumbuyo, mano onse pamtunda, malovu akutsika. Mlendo anatola chipewa chake n'kumapita. Mawa lake mdzukulu wawo anawabweretsera chithunzi chimene anajambula kusukulu, iwo n'kubuma ngati pamaliro, mwana n'kuthawira kuseri kwa chitseko.

Dokotala anatifotokozera kuti si misala. Anati matendawo anawononga malo a m'mutu amene amagwira kuseka ndi kulira kuti zisatuluke zokha. Tsopano zizingobwera ngati kuyetsemula, ndipo chimene chatuluka nthawi zambiri si chimene chili mumtima. Ife tinamva. Koma dokotala angayende khomo ndi khomo kufotokozera anthu? Mumsewu mwathu anayamba kunena kuti a Chitupa mutu wasokonekera, ena ankati akulipira misozi ya anthu amene anamangidwa iwo akumasulira. Pakamwa pa anthu! Alendo anachepa mpaka kutsala pang'ono kutha. Mwana wawo wachisamba, amene amagwira ntchito kubanki ndipo ine ndimamutcha Katayi chifukwa ngakhale Loweruka savula tayi, anasiya kubwera ndi anzake kwa makolo ake.

Alamu ankadziwa zonsezi. Nzeru zawo zinali bwinobwino, ndipo ndicho chinkandipweteka kwambiri. Kusekako kukatha ankatsala ali wefuwefu, maso odzaza manyazi, akuyesa kunena kuti pepani ndi lilime lokana.

Tsiku lina achemwali anandibweretsera thalauza lotuwa la alamu kuti ndiikepo chigamba. Lonse linali lolimba, koma bondo lakumanzere litapyapyala mpaka kuonekera kuwala, lili makwinya okhaokha.

"Kodi alamu ayamba kukwawa?" ndinafunsa.

Achemwali anakhala pabenchi n'kutsitsa mawu. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mng'ono wanga. Ine pakamwa pawo ndinasiya kumvera. Ndimaona dzanja lamanzere, lija linatsala lamoyo lija. Mtima ukamawawa, dzanjalo limafinya thalauza pabondo, ngakhale pakamwa pakuseka. Akakondwa limatambasuka, chikhatho kuloza kumwamba, ngakhale misozi ikutsika. Dzanja silinadwale."

"Eni ake akudziwa?"

"Akudziwa kuti ndimawamva. N'chifukwa chake akadadyabe."

Ndiye womasulira wamkulu uja anapeza womasulira wake. Mlendo akasochera n'kubwera, achemwali ankakhala pambali pa amuna awo n'kumanena modekha kuti, "Akuti pepani, zawakhudza." Kapena, "Musadandaule ndi misoziyi, akondwa kuti mwabwera." Padziko lonse panali munthu mmodzi yekha wodziwa bwino chilankhulo cha a Chitupa. Alamu sankaopa imfa. Chimene ankaopa n'chakuti munthu ameneyo angatsogole, iwo n'kutsala opanda wowamva.

Ndipo ndi zimene zinachitika. Achemwali ankabisa ululu wa m'mimba, akuti ndikagona m'chipatala bambowa aziwaona ndani. Pamene tinkawatengera kumeneko, madokotala anapeza kuti khansa yafalikira kale. Anawagoneka m'wodi ya amayi, pabedi la kuzenera, ine n'kutseka makina kukakhala nawo.

Lamlungu loyamba Katayi anabwera ndi bambo ake nthawi yoona odwala. Tsoka lake, pabedi loyandikana ndi la achemwali mtsikana wina anali atangotsirizika kumene. Makatani atatsekedwa, mayi ake akudzigwetsa pansi. Alamu anafika pakati pa wodi, ndodo m'manja, kuona zimenezo, kuona akazi awo atatha chonchija, chinthu chija n'kuwagwira. Anaseka. Abale inu, anaseka mpaka ndodo kugwa. M'wodi monse munabuka phokoso. Mchimwene wake wa malemuyo anawalumphira, mwayi mlonda anamugwira. Katayi anawakoka bambo ake ngati thumba la makala, osafika n'komwe pabedi. Ine ndinaona dzanja lamanzere likufunafuna bondo, koma anali choimirira, silinalipeze.

Anesi aakulu a wodiyo analamula kuti bambo amenewo asadzalowenso. Ndinawatsatira mpaka mu ofesi mwawo, pakamwa panga pakuyaka moto.

"Ndi matenda! Inu achipatala simudziwa matenda?"

"Ndikuwadziwa, mayi," anatero osakweza mawu. "Koma mayi uja wataya mwana lero, ndikamuuze kuti chiyani? Muno muli anthu ambiri, aliyense ndi chisoni chake."

Palibe chimene chimandikwiyitsa ngati munthu wonena zoona pamene ine ndikufuna kukangana naye. Ndinapita kwa Katayi. Iye anati, "Mayi aang'ono, chonde, tisachite manyazi kawiri. Ndiziwauza bambo mmene mayi alili."

"Uziwauza? Iwe ndi wailesi?"

Anangokonza tayi wake.

Masiku ankapita, achemwali akufookerafookera. Akadzuka funso linali lomwelo: "Adya? Abwera liti?" Kunyumba, mkazi wa Katayi, amene ankawasamala alamu, ankati bambo akubweza mbale osaikhudza, koma akuseka kwambiri, ndiye mwina sizikuwadandaulitsa. Ndinamufotokozera za dzanja, anavomera ndi mutu. Koma mwana wa eni ali ndi ana ake, ntchito yake, ndipo mpongozi angamakhalire kuyang'ana bondo la apongozi ake?

Dokotala atandiitanira pambali n'kundiuza kuti tiitane amene tikufuna kuitana, sindinapemphenso chilolezo kwa munthu. Ndinatenga takisi kukawatenga alamu. Anavala thalauza lachigamba lija, n'kusankha okha jekete lawo la kukhoti. Pachitseko cha wodi sitinapite. Tinazungulira kuseri, kumene oyang'anira odwala amayanika zovala, tinawoloka ngalande ya madzi a sopo mpaka pansi pa zenera la achemwali. Ndinatembenuza ndowa ya munthu wina n'kuwakhazika pamenepo. Anali masana, dzuwa likuswa mtengo.

Zeneralo linali m'mwamba. Achemwali sakanatha kudzuka, alamu sakanatha kusuzumira. Ndinathamanga kuzungulira, kulowa m'wodi, n'kuima pakati pa bedi ndi zenera. Ine telala wa zigamba, kumasulira womasulira wa m'khoti!

"Achemwali, abwera. Ali pansi pa zenerali."

Maso awo anatseguka. "Avala chiyani?"

"Jekete la kukhoti."

"Padzuwa lonseli? Munthu ameneyu sadzasintha."

Ndinakanikiza nkhope pazitsulo za zenera n'kubwereza mawuwo. Alamu anayesa kuyankha, ndinangomva liwu loyamba lokha, chinthu chija n'kuwagwira. Chikhakhali chinakwera khoma n'kulowa m'wodi. Amayi a m'mabedi ena anayamba kung'ung'udza kuti ndi bambo amisala aja abweranso.

"Dzanja?" anafunsa achemwali, mawu ngati a udzudzu.

Ndinayang'ana pansi. "Lafinya bondo."

Anatseka maso, msozi n'kutsikira kukhutu. Anasonkhanitsa mpweya. Kenako pakona pa milomo yawo panachita kanthu kamene ndinkakadziwa kuyambira tili ana, kamene kankabwera akafuna kuchita chipongwe.

"Uwauze," anatero, "kuti simenti ija anagula yotchipa."

Ndinanena momwemo, osachotsa osawonjeza, monga ankachitira eni ake m'khoti. Kusekako kunaduka. Kenako alamu analira. Kulira kwa mwamuna wamkulu, kochokera pansi pa mimba, mapewa akugwedezeka, misozi ili chuchuchu pajekete. Amayi oyanika zovala anaima, zovala zili m'manja.

"Dzanja?"

Dzanja linali litasiya thalauza. Linali pantchafu, zala zitatambasuka, chikhatho kumwamba, likugundagunda pang'ono.

"Latambasuka, achemwali."

"Ehe," anatero akumwetulira ndi milomo youma. "Ndinakuuza kuti ndidzawaseketsa."

M'wodi nkhani inali ina. Mayi wina wachikulire wa pabedi la kuchitseko anadzuka ndi dilipi yake. "Koma inu, bambowa azilira chonchi panja, akazi awo ali pompa? Chaona mnzako chapita! Alowetseni!" Ena anavomereza. Anesi aakulu anabwera, anasuzumira pazenera, anaima kanthawi, n'kundiuza kuti, "Kawatengeni. Nditseka makatani." Ine pakamwa panga sipasunga kanthu, koma tsiku limenelo ndinaluma lilime. Ndikanawauza kuti munthuyu akuseka, ndani akanandimvetsa? Anawathamangitsa tsiku limene ankalira, n'kuwalowetsa tsiku limene ankaseka.

Ndinawakhazika pampando pambali pa bedi. Achemwali anaika dzanja lawo m'chikhatho chija, zala za alamu n'kulitsekera. Ine ndinatuluka kunja kwa katani n'kukhala pansi. Ndinamva kuseka, ndinamva kulira, ndinamvanso kuseka, koma sindinalowe kukafunsa. Nanenso ndinalira, kulira kwanga kwachizolowezi.

Alamu atabwerera kunyumba, achemwali anandigwira mkono. "Ndikapita, ndani aziona dzanja?"

"Ndilipo ine," ndinatero.

Sabata imeneyo isanathe achemwali anatisiya.

Pamaliro Katayi anawasiya bambo ake m'galimoto, pansi pa mtengo, magalasi otseka. Ndinakangana naye mpaka anthu kutileretsa, koma makiyi anali m'thumba mwake. Zitatha zonse anawatenga, chifukwa banki inali itamusamutsira kutauni ina yakutali. Ndinapempha kuti atsale ndi ine, iye anati, "Mayi aang'ono, m'kachipinda kanu kamodzi kaja? Anthu adzati chiyani?" Kunena zoona si mwana woipa. Chipinda anawapatsa chabwino, cha zenera lalikulu, mankhwala osasowa. Ndikaimba foni ankati bambo ali bwino. Akawapatsa foniyo ndinkangomva kuseka, ndipo pafoni dzanja silioneka.

Mwezi wathawu mkazi wa Katayi anatulukira pakhonde langa ndi chikwama cha zovala. Anabwera kuno ku ukwati wa mnzake. Ndi mwana waulemu, anandibweretsera shuga ndi sopo.

"Bambo akupeza bwino, mayi," anatero. "Chisoni chija chinatha. Masiku ano salira n'komwe, amangokhala pakhonde kumaseka okha kuyambira m'mawa. Timawafunditsa bulangete m'miyendo chifukwa kwathuko kumazizira. Koma taonani zachilendo, mathalauza awo onse akutha malo amodzi."

Ndinawatulutsa limodzilimodzi n'kuwayala pamakina. Lakuda, labuluu, la suti yatsopano imene Katayi anawagulira. Onse bondo lakumanzere. Pansi penipeni panali lotuwa lija. Chigamba changa, chimene ndinasoka ndi ulusi wowirikiza, chinali chitabooka pakati. M'mphepete mwa bowolo munali timadontho ta magazi timene sopo analephera kuchotsa, pamene zikhadabo zinadutsa nsalu n'kufika pakhungu.

Ndinavundikira makina, n'kuuza wokonza mawotchi kuti makasitomala anga aziwauza kuti ndachoka ndipo tsiku lobwera sindikulidziwa. Ndinakwera basi limodzi ndi mwanayo, iye akudabwa njira yonse.

Ndinawapeza pakhonde, ataonda, tsitsi lonse litayera. Atandiona chinthu chija chinawagwira, kuseka mpaka kutsokomola.

"Mwaona? Akondwa kuti mwabwera," anatero mkazi wa Katayi.

Ndinakoka mpando n'kuchotsa bulangete. Dzanja linali pamenepo, litauma gwa pabondo. Ndinamatula zala chimodzichimodzi, zikukana, mpaka ndinalowetsamo dzanja langa.

"Alamu, ndabwera. Lirani, ine ndikumva."

Anandifinya mpaka mafupa kuwawa, ndipo anaseka kwambiri kuposa kale.